GALILEO GALILEI, MUNTHU AMENE ADAYESA KUGWA KWA MWALA (1564-1642)

Awerengi athu a m'mbali mwa nyanja audziwa mkangano umene sutha pa gombe. Asodzi awiri atsutsana za chilimira: wina ati changa ndicho chikola usipa, mnzake ati iai, changa chiposa. Koma mukafunsitsa mupeza kuti woyambayo adaponya chake ku Makawa mwezi uli mumdima, nyanja ili bata, pamene mnzakeyo adaponya ku Malindi mwezi ukuwala, mwera utaomba masiku atatu. Mlandu wotere palibe mfumu imene ingaugamule, pakuti zosiyana zachuluka: malo, mwezi, mphepo, ngakhale manja a opalasa. Kuti chilimira chiyesedwe moona, zonsezi ziyenera kukhala chimodzimodzi, ndipo chisinthe chinthu chimodzi chokha, ndicho chilimiracho.

Nzeru imeneyi ioneka yapafupi, ndipo lero ana athu a ku sekondale aiphunzira msanga akayamba kuyesa za mphamvu ndi za kayendedwe ka zinthu. Koma kwa zaka zoposa 1,800 anthu ophunzira adali kukangana za kugwa kwa mwala monga asodzi aja, wina kutchula buku lake, wina kutchula lake. Mmodzi mwa oyamba kuutenga mwalawo ndi kuufunsa mwadongosolo adali Mkatolika wa ku Italy, dziko lomwelo kumene kudachokera ansembe ambiri a Montfort amene adagwira ntchito m'dayosizi yathu ino. Dzina lake ndi Galileo Galilei. Ambiri amdziwa chifukwa cha mlandu wake ndi bwalo la Eklezia, ndipo mlanduwo sitiubisa ai. Koma ntchito yake yaikulu adaigwira ndi thabwa, chingwe ndi mtsuko wa madzi.

Ubwana wake

Galileo adabadwa pa 15 Febuluwale 1564 mu mzinda wa Pisa. Adali mwana woyamba wa Vincenzo Galilei ndi Giulia Ammannati, banja la mbiri koma losowa ndalama. Ali mnyamata adamtumiza kukaphunzira kwa amonke a ku Vallombrosa, kumapiri a kufupi ndi Florence, ndipo moyo wa kumeneko adaukonda kotero kuti adafuna kukhala mmonke. Bambo ake adakamtenga. Iwo adafuna mwana wa udokotala, wodzathandiza pakhomo, ndipo m'chaka cha 1581 adamlembetsa pa yunivesite ya Pisa. Koma mnyamatayo atamva mphunzitsi wina, Ostilio Ricci, akufotokoza masamu a Euclid, mtima wake udachokamo m'mabuku a mankhwala. M'chaka cha 1585 adabwerera kwao wopanda digiri.

Apa tiyenera kuima pang'ono pa bambo akewo, chifukwa mbeu idachokera kwa iwo. Vincenzo adali katswiri woimba lute, choimbira cha nsambo chofanana pang'ono ndi gitala, ndiponso adali kulemba mabuku a za nyimbo. Aliyense woimba bangwe adziwa kuti nsambo yaifupi ilira mokweza, ndipo yokungika kwambiri iliranso mokweza. Akale adapeza kuti ukagwira nsambo pakati, ipereka liu lomwe lija koma lapamwamba, monga mmene amai ndi abambo asiyanirana poimba nyimbo imodzi m'tchalitchi. Tsono mabuku adali kuphunzitsa kuti ukapachika cholemera kunsonga kwa nsambo, nuwirikiza kulemerako kawiri, udzamvanso liu lapamwambalo. Cha m'ma 1588 Vincenzo adayesa. Adatenga nsambo za mtundu umodzi, kutalika kumodzi, kunenepa kumodzi, nasintha zolemera zokha. Adapeza kuti kuwirikiza kawiri sikukwana, pafunika kanai. Bodza lidakhala m'mabuku zaka mazanamazana popeza padalibe woliyesa. Pa nthawiyo Galileo adali kukhalakhala kwa makolo ake ku Florence, ndipo olemba mbiri ambiri aganiza kuti adaziona zimenezi ndi maso ake.

Miyala iwiri

M'chaka cha 1589 adampatsa ntchito yophunzitsa masamu pa yunivesite ya Pisa, pa malipiro ochepa zedi. M'masukulu onse a nthawi imeneyo mfumu ya nzeru adali Aristotle, Mgriki amene adamwalira zaka 322 Ambuye Yesu asanabadwe. Tisamnyoze munthuyu, adali ndi nzeru zakuya pa zinthu zambiri. Koma pa za kugwa kwa zinthu adaphunzitsa kuti cholemera chigwa msanga molingana ndi kulemera kwake, ndiye kuti mwala wolemera kakhumi uyenera kuthamanga kakhumi kuposa unzake. Maso aoneka ngati avomereza: tsamba ligwa mozengereza, mwala ugwa msanga. Koma tsamba ndi mwala sizisiyana pa kulemera pokha. Zisiyananso pa maonekedwe, ndipo mpweya ugwira tsamba kuposa mmene ugwirira mwala. Ndi mlandu wa asodzi uja.

Pali nthano yotchuka yakuti Galileo adakwera pa nsanja yopendeka ya ku Pisa nagwetsa mipira iwiri pamaso pa aphunzitsi onse. Adailemba ndi wophunzira wake Vincenzo Viviani, mwini wake atamwalira kale, ndipo akatswiri ambiri aikayikira. Chodziwika ndi chakuti m'chaka cha 1586 Simon Stevin adagwetsa mipira iwiri ya mtovu ku Delft, m'dziko la Holland, wina wolemera kakhumi kuposa unzake, ndipo idamveka kugunda pansi ngati mpira umodzi. Galileo yekha adali ndi funso limene lidali lakuthwa kuposa nsanja. Mangani mwala waukulu ndi waung'ono pamodzi. Ngati Aristotle anena zoona, waung'onowo, pokhala wochedwa, uyenera kuchedwetsa waukulu. Komanso iwiriyo pamodzi ilemera kuposa waukulu uja, ndiye iyenera kugwa msanga kuposa iwo. Chiphunzitso chimodzi chabala mayankho awiri otsutsana. Chili ndi chilema penapake.

M'chaka cha 1591 bambo ake adamwalira, ndipo iye adasanduka mwinimbumba. Ku Italy mwambo udali wakuti banja la mkazi ndilo lipereke chuma pa ukwati, kotero ngongole za maukwati a alongo ake awiri, Virginia ndi Livia, zidamlemera zaka zambiri, kuonjeza pa mng'ono wake Michelangelo amene sadali kutha kudziimira. Chaka chotsatira adasamukira ku yunivesite ya Padua, m'dziko lolamulidwa ndi mzinda wa Venice, ndipo adakhalako zaka 18. Kuti ndalama zikwane adali kugoneka ophunzira m'nyumba mwake ndi kugulitsa zipangizo zoyesera zimene mmisiri wake adali kusula. Adakondanso kupita kumalo aakulu okhomera zombo ku Venice kukacheza ndi amisiri, ndipo m'chaka cha 1593 akuluakulu a kumeneko adamfunsa nzeru za pamene nkhafi ziyenera kukhazikidwa kuti chombo chithamange.

Pa moyo wake wa m'nyumba tinene zoona. Adabereka ana atatu mwa mai wina wa ku Venice, Marina Gamba, osamanga naye ukwati: Virginia m'chaka cha 1600, Livia 1601 ndi Vincenzo 1606. Atsikana awiriwo adawapereka ku nyumba ya asisitere ya San Matteo ku Arcetri akali ana a zaka ngati 13 ndi 12, ndipo nkovuta kunena kuti adawafunsa maganizo ao. Wamng'onoyo sadapeze mtendere m'menemo. Wamkuluyo, amene adatenga dzina la Sisitere Maria Celeste, tidzakomana nayenso.

Chingwe, thabwa ndi madzi

Zaka za ku Padua ndizo mtima wa nkhani yathu. Adayamba ndi chinthu chimene mwana aliyense angathe kupanga: kachitsulo kolendewera pa chingwe, kamene a sukulu ati pendulamu. M'kalata ya chaka cha 1602 kwa bwenzi lake Guidobaldo del Monte adafotokoza kuti kachitsuloko, kaya ukakankhe patali kaya pafupi, katenga nthawi yofanana kupita ndi kubwera. Pambuyo pake adalemba za mipira iwiri, wina wa mtovu, wina wa khungwa lopepuka, yopachikidwa pa zingwe zotalika mofanana: yonse iyendera limodzi, ngakhale wopepukawo utopa msanga. Tsono ukasiya mpira womwewo nusintha chingwe chokha, nthawi isintha. Chingwe chotalika kanai chichedwa kawiri. Taonani mmene adali kufunsira: choyamba kukula kwa katungwe pakokha, kenaka kulemera pakokha, kenaka chingwe pachokha. Adaphonya pang'ono pa mfundo yoyamba ija, pakuti katungwe akakula kwambiri nthawi italikirako pang'ono, monga adaonetsera ena pambuyo pake. Aphunzitsi ofuna kuyesa amange kamwala pa ulusi wa mita imodzi: kadzatenga pafupifupi sekondi imodzi kuchoka mbali ina kufika inzake.

Koma funso lalikulu lidali la kugwa. Dambe lothothoka pamwamba pa mlambe wa mamita 10 lifika pansi sekondi imodzi ndi theka isanakwane, ndipo pa masiku amenewo kudalibe wotchi yokhoza kuyesa bwino kanthawi kochepa chotero. Nanga munthu angayese bwanji chinthu chothamanga chotero? Galileo adaganiza zochedwetsa kugwako. Adatenga thabwa lotalika mikono 12 ya kwao, ndiye ngati mamita 7, nasema kangalande koongoka m'mphepete mwake, kotakata pang'ono kuposa chala. M'kangalandemo adamatamo chikopa chosalala kwambiri, kuti kukhulana kuchepe. Adakweza mbali imodzi ya thabwalo mkono umodzi kapena iwiri, nakunkhuniza kampira ka mkuwa, kolimba, koburungira bwino. Kampirako katsika mofatsa, koma kachita zomwezo zimene mwala wakugwa uchita: kayamba pang'onopang'ono, kanka kaonjeza liwiro.

Nthawi adaiyesa ndi madzi. Adakweza chotengera chachikulu cha madzi, chokhala ndi kampopi kakang'ono pansi pake. Kampira kakayamba kutsika, madzi ayamba kugwera m'kapu, kakafika, atseka. Kenaka ayesa madziwo pa sikelo yabwino, ndipo kulemera kwa madzi ndiko kutalika kwa nthawi. Chotengeracho chiyenera kukhala chachikulu pa chifukwa ichi: amai onse adziwa kuti ndowa yobooka ithira mwamphamvu ikadzaza, ndipo ifooka madzi akamatsika. M'chotengera chachikulu kapu imodzi sitsitsa madzi kwenikweni, ndiye mathiridwe akhala osasintha.

Werengani tsono zimene adazigwira kuti zisasinthe. Kampira ndi komweko. Thabwa ndi lomwelo, chikopa chomwecho, kupendeka komweko. Kampira sakakankha ai, angokasiya, kuti nthawi zonse kayambe kali chiimire. Madzi athira chimodzimodzi. Chosintha ndi chimodzi, mtunda: ulendo uno thabwa lonse, ulendo wina theka, wina gawo limodzi mwa magawo anai. Ndipo adapeza kuti gawo limodzi mwa anai litenga theka la nthawi ya thabwa lonse. Kunena kwina, ngati m'kamphindi koyamba kampira kayenda muyeso umodzi, m'kachiwiri kayenda itatu, m'kachitatu isanu, m'kachinai isanu ndi iwiri. Pophatikiza ndiye 1, 4, 9, 16. Nthawi ikawirikiza kawiri mtunda uwirikiza kanai, ikawirikiza katatu mtunda uwirikiza kasanu ndi kanai. Atatsimikiza zimenezi adasintha kupendeka kwa thabwa nasiya zina zonse mmene zidaliri. Kampira kadafulumira, koma dongosolo la manambala lidali lomwelo. Iye adalemba kuti adabwereza kuyesako kokwana 100. Apa ndipo adalimba mtima kunena kuti thabwa likaimirira chilili, ndiye kuti mwala ukungogwa, lamulo silisintha.

Padali akatswiri ena m'zaka za m'ma 1900 amene adati zonsezi Galileo adangozilota pa tebulo, madzi sangayese nthawi bwino chotero. Koma m'chaka cha 1961 wophunzira wina wa ku America, Thomas Settle, adapanga thabwa lotere m'chipinda chake, natenga mphika wodzalamo maluwa kukhala wotchi ya madzi, ndipo manambala adatuluka monga Galileo adanenera. M'zaka za m'ma 1970 Stillman Drake, pofufuza mapepala a Galileo osungidwa ku Florence, adafotokoza tsamba lina la cha m'ma 1604 pamene palembedwa miyeso iyi: 33, 130, 298, 526, ndi ina yotsatira. Yesani nokha. 33 kuchulukitsa ndi 4 ndi 132, ndi 9 ndi 297, ndi 16 ndi 528. Kusiyana kwakung'onoko ndiko umboni wabwino koposa, chifukwa munthu wopeka akadalemba manambala okwana ndendende.

Ngakhale adapeza lamuloli, sadalimvetse tsiku limodzi. M'kalata ya mwezi wa Okutobala 1604 kwa Paolo Sarpi adati liwiro likula molingana ndi mtunda umene chinthu chagwa. Padapita zaka zingapo asanazindikire kuti likula molingana ndi nthawi: sekondi iliyonse liwiro lionjezeka ndi muyeso umodzimodzi. Muyeso wosasinthawo ndiwo chuma chimene adali kukumba.

Nyenyezi ndi mlandu

M'chaka cha 1609 adamva za galasi loonera kutali lopangidwa ku Holland, napanga lake loposa. Pa 7 Januwale 1610 adaona tinyenyezi pafupi ndi Jupiter, ndipo m'masiku ochepa adazindikira kuti ndi miyezi inai yozungulira Jupiter. Adaonanso mapiri pa mwezi, ndi kuti nthanda ikula ndi kuchepa monga mwezi uchitira. Mbiri yake idawanda ku Ulaya konse. Chaka chomwecho adabwerera ku Florence kukakhala katswiri wa mfumu Cosimo II, ndipo m'chaka cha 1611 ansembe a chipani cha Ajezuiti ku Roma, pamodzi ndi mkulu wao wa masamu Christopher Clavius, adatsimikiza zimene adaona namchitira ulemu. Thabwa lija adaliika padera zaka zoposa 20.

Zimene adaonazo zidamlimbitsa pa maganizo a Nicolaus Copernicus, akuti dziko ndilo lizungulira dzuwa. Ena adadzuka nati, nanga Yoswa sadaimitse dzuwa? Galileo adayankha m'makalata a 1613 ndi 1615, motsata Augustine Woyera, kuti Malembo Oyera sanama, koma owamasulira angathe kulakwa, ndiponso kuti Malembo alankhula monga anthu alankhulira, monga ifenso titi dzuwa latuluka ku Namwera. M'chaka cha 1616 bwalo la Eklezia loona za chiphunzitso lidakana maganizo a Copernicus, ndipo Kadinala Robert Bellarmine adamchenjeza kuti asawagwire kapena kuwateteza. Kadinala yemweyo adali atalemba chaka cham'mbuyo kuti umboni weniweni utapezeka, kudzafunika kusamala pomasulira mau a Malembowo.

Umboni wotsutsa kuyenda kwa dziko udali wosavuta kumva: ngati dziko lithamanga, bwanji mwala wogwa pa nsanja sutsalira m'mbuyo? Yankho la Galileo aliyense amene adakwerapo Ilala kuchokera ku Monkey Bay nyanja ili bata angathe kulimvetsa. Khalani m'chipinda cha m'kati, mazenera otseka, mugwetse kiyi: igwera pa mapazi anu, monga ikadachitira sitima ili chiimire pa doko. Thirani tiyi, alowa m'kapu. Malinga liwiro la sitima likhale losasintha, osakhota, osaonjeza, palibe chimene mungayese m'chipindamo chokuuzani ngati mukuyenda. M'chaka cha 1640 wansembe wa ku France, Pierre Gassendi, adagwetsa miyala kuchokera pa mlongoti wa chombo chothamanga ku Marseille, ndipo idagwera patsinde pa mlongotiwo.

Koma yankho limeneli lingoonetsa kuti dziko lingathe kuyenda ife osamva. Silitsimikiza kuti liyendadi. Pofuna umboni wotsiriza Galileo adagwira kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja yamchere, kumene anzathu opita ku Beira akuona tsiku ndi tsiku. Adati madziwo akhuvuka chifukwa cha kuyenda kwa dziko, monga madzi a m'bwato athamangira kutsogolo bwato likagunda mchenga. Apa adalakwa. Nzeru yakeyo idafuna kuti nyanja idzaze kamodzi pa tsiku, pamene amalinyero onse adziwa kuti idzaza kawiri. Ndipo Johannes Kepler, amene adati mwezi ndiwo ukoka madzi, iye adamseka. Ife tiona chomwe chidachitika: nyanja yamchere si thabwa la mikono 12, sungaigwire mbali imodzi ndi kusintha inzake. Pamene munthuyu adachoka pa zinthu zimene adatha kuzigwira, adayamba kukangana monga ena onse. Umboni weniweni udadza mochedwa, ndi James Bradley m'chaka cha 1729, Friedrich Bessel 1838 ndi Léon Foucault 1851.

Mnzake wakale Maffeo Barberini atakhala Papa Urban VIII m'chaka cha 1623, Galileo adayesa kuti nyengo yasintha. M'chaka cha 1632 adatulutsa buku lokambirana za njira ziwirizo, m'chilankhulo cha anthu wamba, lili ndi chilolezo cha akuluakulu a Eklezia. Koma aliyense adaona mbali imene bukulo lidakondera, ndipo mfundo imene Apapa adapempha kuti ilowemo adaiika m'kamwa mwa munthu amene agonja m'mkangano monse. Adamuitana ku Roma ali ndi zaka 68, wodwaladwala. Sadamtsekere m'ndende ya mdima ndipo sadammenye, koma adamuopseza ndi mazunzo monga mwa mwambo wa mabwalo a nthawiyo. Pa 22 Juni 1633, m'nyumba ya ansembe a Dominiko ya Santa Maria sopra Minerva, nkhalambayo idagwada ndi kukana poyera zimene idakhulupirira za dziko ndi dzuwa. Mwa makadinala 10 oweruza, 7 ndiwo adasaina chigamulo.

Akatekisti athu afunsidwa za nkhani imeneyi ndi ana a sukulu, ndipo sibwino kuizemba. Galileo adali ndi lilime lakuthwa, adadzipangira adani osafunika, ndipo umboni wake waukulu udali wolakwa. Zonsezi nzoona, koma sizichotsa kulakwa kwa oweruza, amene adamanga chikumbumtima cha munthu pa nkhani imene Malembo sadalembedwere. Bukulo lidachotsedwa pa mndandanda wa mabuku oletsedwa m'chaka cha 1835. Papa John Paul II, omwe aja adatiyendera kuno ku Malawi m'chaka cha 1989, adalamula kuti mlanduwo uunikidwenso, ndipo pa 31 Okutobala 1992 adanena poyera kuti akatswiri a zaumulungu a nthawi ija sadasiyanitse Malembo Oyera ndi kamasuliridwe kao, ndi kuti pa mfundo imeneyi Galileo, mkhristu wokhulupirira, adaona bwino kuposa iwo.

Kubwerera ku thabwa

Atagamulidwa adakhala miyezi isanu kwa Arkiepiskopi Ascanio Piccolomini ku Siena, amene adamlandira ngati mlendo wolemekezeka namlimbikitsa kuti agwirenso cholembera. M'mwezi wa Disembala 1633 adamlola kupita kunyumba kwake ku Arcetri, koma osatulukamo popanda chilolezo mpaka imfa. Nyumbayo idali pafupi ndi ya asisitere kumene kudali ana ake. Makalata 124 a Sisitere Maria Celeste kwa bambo ake alipo mpaka lero. Iye ndiye adali kuwakonzera mankhwala, kuwasokera makolala, kuyang'anira pakhomo iwo ali ku Roma. Ndipo chilango chonena Masalimo 7 a kulapa sabata iliyonse kwa zaka zitatu adapempha kuchisenza m'malo mwao. Adamwalira pa 2 Epulo 1634 ali ndi zaka 33, patangopita miyezi inai bambo ake atabwera.

M'chisoni chimenechi nkhalamba ija idatulutsa mapepala a ku Padua. Buku lake lotsiriza, la nzeru ziwiri zatsopano, ndilo la kulimba kwa zinthu ndi la kayendedwe kake, lidasindikizidwa ku Leiden, m'dziko la Holland, m'chaka cha 1638, popeza ku Italy kudalibe womlola. M'menemo ndimo muli thabwa lija, mtsuko wa madzi, zingwe, ndi chiphunzitso chakuti chinthu choponyedwa chichita maulendo awiri nthawi imodzi: kutsogolo chipita ndi liwiro losasintha, pansi chigwa monga mwala uliwonse. Pamene bukulo lidatuluka, mwini wake adali atachita khungu maso onse awiri. Viviani adadza kudzakhala naye m'chaka cha 1639, Evangelista Torricelli m'chaka cha 1641, ndipo adali kuwauzabe zolemba, ngakhale za wotchi yoyendera pendulamu. Adamwalira pa 8 Januwale 1642 ali ndi zaka 77. Adamuika m'kachipinda ka pambali m'tchalitchi cha Santa Croce ku Florence, ndipo m'chaka cha 1737 ndi pamene mafupa ake adasamutsidwira m'manda aulemu m'kati mwa tchalitchicho.

Chimene Galileo sadafike pochinena momveka, Isaac Newton adachilemba m'chaka cha 1687: kuonjezeka kwa liwiro kulingana ndi mphamvu yokankha, ndipo kuchepa katundu akachuluka. Opalasa omwewo, bwato likadzaza matumba a chimanga lichedwa kunyamuka. Katundu yemweyo, opalasa akachuluka linyamuka msanga. Ana athu akamayesa lamuloli ndi kangolo kokokedwa ndi chingwe chokhala ndi zitsulo zolendewera kunsonga, mphunzitsi wosamala awauza kuti pofuna kuonjeza mphamvu asatenge chitsulo chatsopano m'bokosi, koma achotse chimodzi pa kangolo nachipachike kuchingwe. Chifukwa chake nchakuti zitsulo zolendewerazo nazonso zikuyenda. Mukabweretsa chakunja mwasintha mphamvu ndi katundu yemwe, zinthu ziwiri nthawi imodzi. Nambala imene alemba pa bolodi, 9.8, itanthauza kuti mwala wakugwa uonjeza liwiro la mamita 9.8 pa sekondi m'sekondi iliyonse, ndiye ugwa mamita 4.9 m'sekondi yoyamba ndi 19.6 pakutha pa yachiwiri. Nambalayi ndi yosasintha pa malo amodzi okha. M'chaka cha 1672 Jean Richer adapeza kuti wotchi yake ya pendulamu ya ku Paris idali kutsalira mphindi ziwiri ndi theka pa tsiku ku Cayenne, kufupi ndi equator. Ndipo kuno ku Mangochi nambalayo ili pafupi ndi 9.78, pamene ku Italy ili pafupi ndi 9.80.

Amene adayamba kuyesa kugwako bwinobwino popanda thabwa adali wansembe, Giovanni Battista Riccioli wa chipani cha Ajezuiti, ndipo adayamba ali wokayika za lamulo la Galileo. M'zaka za m'ma 1640, iye ndi mnzake Francesco Maria Grimaldi adali kugwetsa mipira ya dothi yofanana kukula ndi kulemera kuchokera pa nsanja ya Asinelli ku Bologna, yotalika pafupifupi mamita 100. Pofuna kudziwa nthawi yeniyeni ya pendulamu yao, abale a m'nyumba mwao adasinthana kuwerenga kulendewera kwake usana ndi usiku wathunthu, akuyerekeza ndi nyenyezi. Ndipo pogwetsa mipira adali kuimba manambala motsata kapendulamu kakafupi, monga aimbira Masalimo m'kwaya. Adapeza mafiti a Chiroma 15 m'sekondi imodzi, 60 m'masekondi awiri, 135 m'atatu, 240 m'anai. Ndiye 1, 4, 9, 16. Riccioli adanyamuka kukauza Bonaventura Cavalieri, wotsatira wakale wa Galileo, amene adali chigonere ndi matenda, ndipo m'chaka cha 1651 adasindikiza manambala onsewo m'buku lake lalikulu la za nyenyezi, buku lomwelo limene adali kutsutsamo kuti dziko liyenda.